Mlandu wa Mfuti Ngwa Yani?

Pa bwalo la mfumu kumudzi, mbuzi ikabedwa, akulu oweruza sakhutira ndi kupeza munthu amene adaimasula pa cikhomo usiku. Amafunsanso za amene adalozera khola, za amene adabwereketsa mpeni, za amene adabisa cikopa kuseri kwa nkhokwe yace, ndiponso za amene adadya nyama osafunsa kumene yacokera. Onsewo amalowa m'mlandu, yense monga mwa gawo lace. Koma mfuti ikalira ku Ndirande kapena ku Limbe, mwini sitolo nagwa pa khomo lace, anthu omwewo amaiwala nzeru imeneyi. Amangoti mbava zapha munthu, ngati kuti mbavazo zidagwa ndi mvula pamodzi ndi mfuti yao. Tsono funso loyenera anthu a ku Chileka ndi ku Lirangwe, amene akhala pa khomo peni-peni pa mzinda wa Blantyre, ndi ili: kodi mlandu wa mfuti umathera pa cala cimene cidakhethemula?

Yankho limene limathamangira pakamwa pa anthu ambiri ndi lakuti zonsezi ndi umphawi. M'mau amenewa muli coona. Pa kalembera wa 1966 mzinda wa Blantyre udali ndi anthu pafupi-fupi 110,000. Pa kalembera wa 2018 adapezeka oposa 800,000, ndipo nchito sizidacuruke monga momwe anthu adacurukira. Wodutsa pa Lunzu kapena pa Chirimba m'mawa amawaona anyamata amphamvu zao atakhala m'mbali mwa mseu, kudikira ganyu amene sabwera, maso ali pa magalimoto a anzao. Mtima wa munthu wotere ungathe kuwawa. Koma umphawi si mlendo m'derali. Njala ya 1949 idakantha dera la Lunzu ndi Lirangwe koposa madera ambiri, ndipo nkhani zimene adasiya amene adaiona nza mizu ya m'thengo, nza amuna amene adapita kukasuma osabweranso, nza kuba cinangwa m'minda. Si za mfuti ai. Ngakhale lero, mwa anthu osauka zikwi-zikwi amene amagona ndi njala, ocepa zedi ndiwo amene adagwirapo mfuti. Kunena kuti umphawi ndiwo umaombera anthu ndi kunyoza osauka onse amene amapirira, ndiponso ndi kumasula ena amene sali osauka konse.

Cimene cidasintha ncakuti cida cidapezeka. Ndipo apa pali kanthu kamene ambiri sakaganizira: m'Malawi mulibe fakitale yosula mfuti za nkhondo kapena zipolopolo zace. Mlenje wa kumudzi angathe kudzipangira gogodera, mfuti yoomba kamodzi nkufunanso onga wina. Koma mfuti imene amathyolera sitolo m'tauni idabadwira kutali, m'fakitale yodziwika, idadindidwa nambala, nilembedwa m'buku, niperekedwa ndi munthu wa udindo kwa munthu wina pa cifukwa cimene onse awiri adaciyesa cabwino. Palibe mfuti yotere imene idayamba moyo wace m'manja mwa mbava. Akulu a ku Chileka adaona ndi maso ao momwe mfuti zimalowera m'dziko mwaulemu: mu February 1959 ndege zidatera pa bwalo lao zitadzaza asilikari ocokera ku Southern Rhodesia, ndipo pakutha pa cipolowe ca caka cimeneco anthu 51 adali atafa. Amene adatumiza ndegezo adati akusunga mtendere. Mfuti zimenezo zidabwerera ndi eni ace, koma zina zimene zidadza pambuyo sizidabwerere.

Zambiri mwa izo zidadzera ku Mozambique. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo idatenga zaka 15, kuyambira 1977 kufikira pa 4 October 1992 pamene adapangana za mtendere ku Roma, ndipo nthawi yonseyo maiko akunja ankathira zida m'dzikomo ngati madzi, ena kuthandiza uyu, ena uyo. Yocuruka idali AK-47, imene cithunzi cace ciri pa mbendera ya Mozambique kufikira lero. Mfuti imeneyi imanyamula zipolopolo 30, siopa matope kapena fumbi, ndipo munthu akaipaka mafuta, naikulunga bwino, naikwirira pa culu, imadzuka yamoyo patapita zaka zambiri. Akale adati mlandu suola, iyinso siola. Nkhondo itatha, a bungwe la United Nations adasonkhanitsa zida kwa asilikari, koma zambiri zosonkhanitsidwazo sizidaonongedwe, ndipo zina zidatsala m'maenje m'thengo. Msilikari wopuma, wopanda munda ndi malipiro, adaona kuti ali ndi cinthu cimodzi cogulitsa.

Anthu oposa 1,000,000 amene adathawira m'Malawi pa nkhondoyo sayenera kusenzetsedwa mlandu umenewu, pakuti iwo adadza ndi ana kumbuyo ndi miphika pamutu. Koma tinjira timene iwo adayendamo tidali todziwikanso kwa amalonda a mtundu wina. Ndipo mseu waukulu wocokera ku Tete, umene umalowa pa Zobue ndi Mwanza nuoloka Shire pa Zalewa, sufika ku Blantyre usadadutse pa Mdeka, pa Lirangwe ndi pa Lunzu. Apolisi a pa Zalewa angathe kufunyulula katundu wa m'lole. Sangathe kumasula thumba liri lonse la makala limene likuyenda pa njinga m'njira za kumudzi.

Zina sizidacokere kunja konse. Gulu la Malawi Young Pioneers, limene lidayamba mu 1963, lidapatsidwa mfuti ndi Boma kuti liteteze cipani cimodzi, ndipo lidasunga zida zace palokha, kunja kwa buku la asilikari ndi la apolisi. Pa 1 December 1993 apayoniya adaombera asilikari ku Mzuzu, ndipo patapita masiku awiri asilikari adayamba kuwalanda zida m'dziko lonse pa nchito imene idachedwa Bwezani. Ambiri adathawira ku Mozambique, ena adamwazikira m'midzi, ndipo si mfuti zonse zimene zidabwezedwa. Alipo okalamba amene amati umbava wa mfuti udadza ndi matipate mu 1994, ndi kuti kale kudali bata. Bata lidalipodi, la mtundu wace. Koma mfuti zimene zidalira pambuyo pa 1994 zidagawidwa 1994 isadafike, ndi anthu amene ankadzitama kuti akusunga bata lomwelo.

Palinso khomo lacitatu, limene anthu amalichula monong'ona, ndilo nyumba yosungira zida ya Boma. Ku South Africa, kumene ana ambiri a m'dera lino amapita kukafuna nchito, mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, adapatsidwa udindo woyang'anira mfuti zoyenera kuonongedwa, ndipo iye adagulitsa zoposa 2,000, zimene zambiri zidakafika kwa magulu a acifwamba a ku Cape Town. Mu 2016 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 18, ofufuza atapeza kuti mfutizo zidakhudzana ndi imfa zoposa 1,000, ena mwa ophedwawo ali ana. Iye sadaombere mmodzi mwa iwo. Dziko liri lonse limene siliwerenga mfuti ndi zipolopolo zace kawiri-kawiri lingathe kukhala ndi munthu wotere osadziwa, ndipo akapezeka amabvuta kumgwira, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Ndipo anyamata a m'mbali mwa mseu aja amaphunzira poona akulu. Pa zionetsero za pa 20 ndi 21 July 2011 anthu 20 adafa, ambiri ndi zipolopolo za apolisi. Pa 13 September 2013 Paul Mphwiyo, amene adali mkulu woona za ndondomeko ya cuma ca Boma, adaomberedwa pa cipata ca nyumba yace ku Lilongwe, napulumuka. Ndipo mu 2016 bwalo la milandu lidapeza kuti m'ciwembuco mudali munthu amene adakhalapo nduna ya za cilungamo. Pamenepo padalibe njala. Mnyamata woona zimenezi amatolapo phunziro limodzi, lakuti mkangano wa anthu ophunzira nawonso umatha ndi mfuti.

Manja amene mfuti imadutsamo ngambiri cotero, ndipo nkosatheka kuti onse akhale ndi mlandu wofanana. Mikhail Kalashnikov, amene adapanga AK-47, adali msilikari wa ku Russia wobvulala pa nkhondo mu 1941, ndipo moyo wace wonse ankati adapanga cida cotetezera dziko lace. Koma atakalamba, asadamwalire mu December 2013 ali ndi zaka 94, adalembera kalata mkulu wa mpingo wa Orthodox wa ku Russia, kufunsa ngati iye ali ndi mlandu wa anthu onse amene mfuti yace idapha. A mpingowo adamtonthoza. Kaya adamyankha bwino kaya ai, cozizwitsa ncakuti dzanja lakutali koposa onse ndilo lidasowa tulo, pamene manja apafupi amagona bwino. Pakuti mlandu wa munthu wothandiza coipa sayesa ndi mtunda. Amauyesa pofunsa zimene munthuyo ankadziwa, zimene adadyapo, ndi ngati adali ndi mpata wokana. Wosula mfuti ku Russia sadadziwe dzina la mwini sitolo wa ku Limbe. Wobwereketsa mfuti usiku umodzi kuti alandire gawo lace m'mawa amadziwa bwino-bwino kumene ikupita, ndipo mlandu wace sucepa poyerekeza ndi wa wokhethemula. Mwinanso umaposa, cifukwa iye amakolola osaika moyo wace pa ngozi, natuma mwana wa mnzace kukafa.

Tsono nanga wosunga? Apa ndipo pamene nkhaniyi imafika ku Chileka ndi ku Lirangwe. Sikuti anthu a kumeneko ngoipa kuposa anzao, iai. Koma mfuti imagwira nchito usiku umodzi, nigona masiku ambiri, ndipo iyenera kugona pena pace. M'makomboni a m'tauni nyumba nzothithikana, mwini nyumba amalowa pofuna lendi, ana a anansi amasewera pansi pa bedi. Mudzi wa m'mbali mwa mzinda uli ndi nkhokwe, khola, manda, dzenje la njerwa, ndipo bwalo la ndege la Chileka liri pa mtunda wa makilomita 16 okha kucokera pakati pa Blantyre, ulendo waufupi pa njinga yamoto. Mudzi uli wonse wotere, pafupi ndi mzinda uli wonse, ngwokoma kwa wobisa cida. Ndipo m'mudzi mulibe cobisika. Mnyamata wosagwira nchito akafika ndi malata atsopano, akamacoka madzulo nkubwera mbandakuca, akamaletsa mlongo wace kusesa m'cipinda cina, mai wace amadziwa, amalume ace amene ali mwini mbumba amadziwa, ndipo kawiri-kawiri nyakwawa nayonso imamva.

Munthu asafulumire kuwaweruza, pakuti katundu wao ngwolemera. Mai amene wagona pansi pa denga lodontha zaka makumi awiri, mwana wace nammangira la malata, amafuna mphamvu yaikulu kuti atsegule pakamwa nati, “Mwanangu, ndarama zimenezi wazitenga kuti?” Amaopa yankho. Amaopanso kuti akakanena kupolisi, dzina lace lidzafika kwa anzace a mwanayo dzuwa lisadalowe. Ndipo mantha amenewo si opusa. Koposa zonse amamva mumtima kuti kuulula mwana wobala yekha ndi kudya nyama ya thupi lace. Mwambo umene umati mbale satayidwa ngwabwino, ndipo ndiwo udapulumutsa anthu pa njala ya 1949 ndi pa njala zina. Koma mwambowo udapangidwa kuti usunge moyo. Denga la malata lija lidagulidwa ndi moyo wa mwana wa mai wina, amene nayenso ali ndi amalume ace ndi mbumba yace, ndipo kukhala cete kwa nyumba iyi ndiko kukonzera maliro nyumba yacitatu. Kunena zoona, ceteyo sapulumutsa ngakhale mwana wosungidwayo. Anyamata oyenda ndi mfuti sakalamba. Ena amagwa ndi cipolopolo ca apolisi, ena ca anzao polimbirana zakuba, ena amathera m'manja mwa khamu. Mai wosankha pakati pa kuulula ndi kukhala cete amayesa kuti akusankha pakati pa ndende ndi ufulu wa mwana wace, pamene kawiri-kawiri akusankha pakati pa ndende ndi manda. Amalume amene aitana mphwao kuseri, namuuza kuti, “Iwe, cinthu cija cicoke pa mudzi pano sabata lino, apo ai ndipita ndekha kwa a mfumu,” sadapereke mbale wao. Acita nchito yeni-yeni ya mwini mbumba.

Khamu lija liyenera kunenedwa palokha, cifukwa anthu ambiri abwino amaliyesa mankhwala. Otopa ndi kubedwa, otopanso ndi kuona wogwidwa dzulo akuyenda pa msika lero, amatenga miyala, matayala ndi petulo. Mu April 2016 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idadandaula kuti anthu 16 adaphedwa motero m'Malawi m'miyezi iwiri yokha. Ndipo a ku Chileka akudziwa kumene njira imeneyi imafika: mu October 2017, pa mphekesera za anamapopa, khamu lidatentha kumeneko mnyamata wa zaka 22 wodwala matenda a kugwa. Khamu silifunsa mboni. Koma ngakhale litagwira wakuba weni-weni, taonani cimene lacita. Munthu yekhayo amene akadanena mwini mfuti, kumene imagona, ndi amene amagulitsa zipolopolo, wasanduka phulusa. Mwini mfuti amapuma mpweya wabwino, ndipo sabata lamawa amaibwereketsa kwa mnyamata wina, pakuti anyamata m'mbali mwa mseu ngosasowa. Otentha mbava amamgwirira nchito mwini mfutiyo popanda malipiro.

Ena a cuma amati mankhwala ndi kugula mfuti yao-yao. Lamulo la za mfuti, limene lidakhazikitsidwa mu 1967, lidapereka njira yotengera ciphaso, ndipo munthu woteteza banja lace sacimwa. Koma mbava ndiyo imasankha nthawi, mwini nyumba ali m'tulo. Ndipo mfuti ya m'nyumba ndi katundu wokoma koposa wailesi kwa wothyola. Ikabedwa, dzanja la mwini wace woyamba lalowa kale mu mndandanda uja.

Cimene cingathandize koposa ndi kutsegulira mfuti njira yoturukira. Wosunga cida amene mtima wace wamtsutsa amakhala ngati wogwira njoka kumutu: kuisunga nkoopsa, kuitayanso nkoopsa, pakuti akapita nayo kupolisi funso loyamba lidzakhala lakuti waitenga kuti. A ku Mozambique, kumene bvutoli lidali lalikulu koposa, adaona zimenezi. Mu 1995 bungwe la mipingo la Christian Council of Mozambique, motsogozedwa ndi Episkopi Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, lidayamba nchito yosinthitsa zida ndi makasu. Munthu ankabwera ndi mfuti, osafunsidwa mbiri yace, nalandira khasu, njinga, makina osokera, malata kapena simenti. Ndarama sankapereka, kuti wina angagulire mfuti ina. Zida ndi zipolopolo zoposa 600,000 zidaturuka m'maenje ndi m'madenga mwa njira imeneyi. Mfutizo ankazidula zidutswa-zidutswa, ndipo amisiri adapanga nazo zinthu zoonetsa. Mpando wina wopangidwa ndi zidutswa za mfuti mu 2001 uli ku British Museum ku London.

Wina adzati kumeneko ndi kulipira wolakwa, ndipo cilungamo cimafuna cilango. Mauwa ngolemera. Koma cikhululukiro cotere cimakhudza kusunga cida kokha. Wopha munthu mlandu wace umakhalabe. Ndipo cilango cimene cimacititsa mfuti kukhalabe m'nkhokwe, kudikira mdzukulu wodzaipeza, cimakondweretsa mtima wa woweruza koma siciteteza munthu ali yense. Ncoonanso kuti mbava imene imadyera mfuti siidzabwera kudzasinthitsa ndi njinga. Odzabwera ndi mkazi wamasiye amene mwamuna wace adali mpayoniya, ndi mkulu amene adagula cida pa malire zaka zapitazo, ndi amalume aja. Koma amenewa ndiwo citsime cimene mbava imatungako.

Nchito yotere siingacitike ndi mudzi wokha. Pafunika Boma lilengeze nthawi ya cikhululukiro ndi lamulo lomveka, ndi kuti olandira zida akhale anthu amene mai wa ku Lirangwe angawafikire usiku osanjenjemera: mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, apolisi ali pambali. Ndipo Boma lomwelo liyambe ndi nyumba yace. Mu August 2001 atsogoleri a maiko a SADC adasaina, mu mzinda wa Blantyre womwewu, pangano la kuyang'anira mfuti ndi zipolopolo, limene lidati zida zidindidwe zizindikiro, zilembedwe m'mabuku, ndipo zotsala ndi zolandidwa ziziwonongedwa. Mau omarizawo ndiwo amene a ku South Africa adaphunzira ndi misozi. Mfuti yolandidwa kwa mbava kapena yoperekedwa ndi wolapa, ikangoikidwa m'nyumba yosungira zida kudikira tsiku lina, ingathe kuturukanso pa khomo la kuseri. Iyenera kudulidwa ndi maceka a citsulo pa bwalo, pa msika wa Lirangwe kapena wa Lunzu, dzuwa likuswa mtengo, nambala yace itawerengedwa mokweza, ndipo amene adaibweretsa ataima m'khamu osadziwika.